Mbiri ya Sarafina: Sewero la ku Soweto Limene Linafika ku Ndirande

Mau Oyamba

Mwa makanema onse amene anaonetsedwa m'malokeshoni a mu Blantyre, ndi owerengeka amene anthu amawakumbukira monga momwe amakumbukirira Sarafina. Mukafunsa munthu wa zaka 40 ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, kawirikawiri adzakuuzani kuti anamuonera, ndipo ena adzakuimbirani nyimbo zake ngakhale Chizulu sachidziwa. Koma ambiri sadziwa kuti kanemayu asanajambulidwe anali sewero la pabwalo, ndi kuti sewerolo lisanalembedwe panali ana a sukulu enieni amene anaphedwa mumseu. M'kabuku kano tilondola mbiri imeneyi mwa dongosolo lake, kuchokera ku Soweto, kudzera ku New York, kufikira kwathu kuno, kuti tione chimene chinaipatsa mphamvu yoyenda ulendo wautali chotere.

Sewero la Nyimbo

Tiyambe tamvana za mtundu wa sewero limene tikunena. Tonse tikudziwa nthano za madzulo. Agogo akafika pamene mwana wamasiye watsala yekha kudambo, amaleka kulankhula nayamba kuimba, ndipo ana onse amavomera. Nyimboyo siidula nthano ai. Ndiyo imasenza chisoni chimene mau okha akanalephera kuchisenza. Sewero la nyimbo limayenda chomwecho. Ochita sewero amalankhula, koma pofika pa chimwemwe chachikulu kapena pa maliro amaimba ndi kuvina, ndipo nkhani imapitirira m'kati mwa nyimbomo.

Luso limeneli linakula kwambiri mumzinda wa New York ku Amereka, m'dera lotchedwa Broadway, m'mene muli nyumba zambiri za masewero. Sewero likakondedwa kumeneko, eni makanema amaligula nalijambula kuti lionedwe m'maiko onse. West Side Story linayamba pabwalo mu 1957, linajambulidwa mu 1961, ndipo linalandira mphotho 10 za Oscar, zimene ndizo mphotho zazikulu za makanema ku Amereka. My Fair Lady linayamba mu 1956, kanema wake anatuluka mu 1964 nalandira mphotho 8. The Sound of Music linayamba mu 1959, kanema wake wa mu 1965 analandira mphotho 5.

Nakonso ku South Africa anthu akuda anali nalo luso lomweli. Mu 1959 ku Johannesburg kunachitika sewero lotchedwa King Kong, losimba za katswiri wina wa nkhonya, ndipo nyimbo zake anapeka Todd Matshikiza. Mkazi wotsogolera kuimba anali Miriam Makeba, ndipo mmodzi wa oliza malipenga anali mnyamata wotchedwa Hugh Masekela. Sungani maina awiriwa, pakuti tikumana nao kutsogoloku.

Sukulu za ku Soweto

Soweto ndi lokeshoni lalikulu limene lili kumwera chakumadzulo kwa Johannesburg, mzinda umene makolo athu ankautcha Joni. Anthu akuda ankagona ku Soweto, nalawira m'mamawa pa sitima kukagwira ntchito m'tauni, monga momwe munthu wa ku Ndirande amatsikira ku Makata kapena ku Ginnery Corner. Kusiyana kwake kunali kwakuti munthu wa ku Soweto lamulo silinamlole kukhala kumene afuna, ndipo akapezeka wopanda chitupa ankamangidwa.

Mu 1948 chipani cha National Party chinatenga Boma la South Africa ndi kukhazikitsa ulamuliro wa tsankho. Mu 1953 Bomalo linapanga lamulo la maphunziro a anthu akuda, lotchedwa Bantu Education Act. Nduna imene inaliyendetsa inali Hendrik Verwoerd, amene sanabise cholinga chake: mwana wakuda aphunzire zongomyenereza ntchito zapansi. Sukulu zambiri za mishoni zinalandidwa, zina zinatsekedwa. Pofika zaka za m'ma 1970, ndalama zimene Boma linkaononga pa mwana mmodzi wachizungu zinali zoposa kakhumi zimene linkaononga pa mwana wakuda.

Makolo anapirira zimenezi zaka zambiri. Tsono mu 1974 kunatuluka lamulo lina lakuti m'makalasi aakulu masamu ndi maphunziro a mbiri ndi maiko aziphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, ndicho Chibunu. Aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino chinenerochi, ndipo ana ankachiona ngati chinenero cha wapolisi ndi cha mwini chitupa. Inu amene mwayamba kuwerenga mutakula mukudziwa kulemera kwake kwa masamu ngakhale m'chinenero cha amai anu. Taganizani tsono mwana akuwaphunzira m'chinenero chimene iye ndi mphunzitsi wake onse sakuchimva.

Tsiku la 16 June 1976

Lachitatu pa 16 June 1976, ana a sukulu oposa 10,000 anatuluka m'makalasi atavala mayunifolomu ao, atanyamula zikwangwani zokana Chibunu, nalunjika ku bwalo la mpira la Orlando. Mmodzi wa atsogoleri ao anali Tsietsi Mashinini, wophunzira pa sukulu ya Morris Isaacson. Anawo asanafike kubwaloko, apolisi anawatchingira njira. Anaponya utsi wokhetsa misozi, kenaka anayamba kuombera mfuti.

Mmodzi wa ana oyamba kugwa anali Hector Pieterson, wa zaka 12. Mnyamata wina, Mbuyisa Makhubo, anamnyamula nathamanga naye, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali akulira. Wojambula zithunzi wa nyuzipepala ya The World, Sam Nzima, anajambula atatuwo, ndipo chithunzicho chinasindikizidwa m'maiko ambiri.

Chipolowe chinafalikira m'malokeshoni ena kufikira ku Cape Town. Bungwe limene Boma lomwelo linaika kuti lifufuze, lotsogozedwa ndi woweruza Cillié, linawerenga anthu 575 amene anafa kufikira February 1977, ndipo ambiri amakhulupirira kuti akufa anaposa pamenepo. Lamulo la Chibunu linachotsedwa patangopita masabata owerengeka, koma mtendere sunabwerere m'sukulu. Achinyamata ambiri anathawira kunja. Patapita zaka 10, pa 12 June 1986, Boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipolowe m'dziko lonse, asilikari analowa m'mabwalo a sukulu, ndipo ana zikwizikwi anatsekeredwa osaweruzidwa.

Mbongeni Ngema ndi Ana Ake a Sewero

Munthu amene anasandutsa zowawa zimenezi kukhala sewero anali Mbongeni Ngema, wobadwira ku Verulam pafupi ndi Durban. Iye anayamba ngati woimba gitala, naphunzira za masewero kwa Gibson Kente, amene ankayendayenda ndi gulu lake m'maholo a m'malokeshoni. Mu 1981 Ngema pamodzi ndi Percy Mtwa ndi Barney Simon anapanga sewero la anthu awiri lotchedwa Woza Albert!, limene linamtchukitsa kunja.

Pofuna kusimba za ana a sukulu, Ngema anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana a m'malokeshoni, ambiri a iwo osafika zaka 20, nawaphunzitsa kuimba, kuvina ndi kulankhula pabwalo kwa miyezi yambiri. Anawo sankachita kuuzidwa za utsi wokhetsa misozi kapena za maliro a anzao, popeza ambiri anali ataziona ndi maso ao. Mtsikana amene anasankhidwa kukhala Sarafina anali Leleti Khumalo wa ku KwaMashu, wobadwa mu 1970. Nyimbo anapeka Ngema mwini ndi Hugh Masekela uja, amene pa nthawiyo anali atakhala kunja kwa dziko lake kuyambira 1960. Maimbidwe ake anali a mbaqanga, nyimbo za magitala ndi malipenga zimene anthu a m'malokeshoni ankavina.

Seweroli linaonetsedwa koyamba mu June 1987 ku Market Theatre mu Johannesburg. Nyumba imeneyi kale inali msika wa zipatso, ndipo inatsegulidwa ngati nyumba ya masewero mu June 1976, mwezi womwe ana anaphedwa. Inali imodzi mwa malo ochepa m'mene akuda ndi azungu ankakhala pamodzi poonera.

Nkhani yake inali ya ana a kalasi limodzi pa sukulu ya Morris Isaacson, amene akukonza sewero lao la kumapeto kwa chaka. Pa nthawiyo Nelson Mandela anali m'ndende, ndipo kusindikiza chithunzi chake kapena mau ake kunali mlandu. Koma kumapeto kwa seweroli Sarafina amavala ngati Mandela, nachita za tsiku limene iye adzatuluka m'ndende. Anthu oonera ankaona pabwalo chinthu chimene chinali chisanachitike, ndipo ambiri sankayembekeza kuti adzachiona ali moyo.

Ulendo wa ku New York

Chaka chomwecho cha 1987 gululi linaitanidwa ku New York, kumene linayamba kuonetsa seweroli ku Lincoln Center. Anthu anachuluka kotero kuti pa 28 January 1988 linasamukira ku Broadway, m'nyumba yotchedwa Cort Theatre. Kumeneko linachitika nthawi 597, kufikira pa 2 July 1989. Linasankhidwa kupikisana nao pa mphotho 5 za Tony, zimene ndizo mphotho zazikulu za masewero a pa Broadway. Mphotho ya sewero la nyimbo lopambana chaka chimenecho inapita kwa The Phantom of the Opera, koma kufika pa mpikisanowo kunali kale chinthu chachikulu kwa ana ochokera m'malokeshoni. Leleti Khumalo anatchulidwa pakati pa opikisana, ndipo bungwe la anthu akuda a ku Amereka la NAACP linampatsa mphotho ya ulemu.

Ali ku New York, anawo anachezeredwa ndi Miriam Makeba, amene Boma la kwao linamletsa kubwerera kuyambira 1960. Maina ake ndi nyimbo zake ankazimva kwa makolo ao, koma nkhope yake anali asanaione. Kukumanako kunajambulidwa m'kanema wa mu 1988 wotchedwa Voices of Sarafina!

Sewero Lisanduka Kanema

Pa 11 February 1990 Nelson Mandela anatuluka m'ndende atakhalamo zaka 27. Chaka chomwecho Makeba ndi Masekela anabwerera kwao. Tsopano kunali kotheka kujambula nkhaniyi mu Soweto mwenimweni. Amene anasonkhanitsa ndalama ndi kuyang'anira ntchito yonse anali Anant Singh wa ku Durban. Wotsogolera kujambula anali Darrell Roodt. Ndipo Ngema analembanso nkhaniyo mothandizana ndi William Nicholson.

Leleti Khumalo anakhalabe Sarafina. Mphunzitsi Mary Masombuka anali Whoopi Goldberg, mai wakuda wa ku Amereka amene anali atangolandira mphotho ya Oscar mu 1991. Miriam Makeba anakhala mai wake wa Sarafina, John Kani anakhala mphunzitsi wamkulu, ndipo Ngema mwini anatenga malo a Sabela, wapolisi wakuda wozunza anthu a mtundu wake.

Sewero la pabwalo ndi kanema zimasiyana kagwiridwe. Pabwalo, wochita sewero akagwa pansi anthu amadziwa okha mumtima kuti waomberedwa. Kanema amaonetsa zonse: fumbi la mseu, nyumba zing'onozing'ono zofanana, galimoto zankhondo, ndi msozi pa tsaya. Ndiponso sewero limafuna kuti ochita ake akhalepo usiku uliwonse, pamene kanema akajambulidwa kamodzi amayenda yekha m'chikwama cha munthu.

Nkhani ya m'Kanema

Kanemayu amaphatikiza zochitika za mu 1976 ndi za m'zaka za 1980. Sarafina ndi mtsikana wa sukulu amene amalankhula ndi chithunzi cha Mandela m'chipinda mwake, nalota kudzatchuka. Mai wake amagwira ntchito m'nyumba ya azungu, kulera ana a eni ake, pamene ana ake obala akuleredwa ndi achibale. Sarafina amamnyoza mai wakeyo kuti ngwamantha.

Kusukulu, Mary Masombuka amaphunzitsa mbiri imene siili m'buku la Boma. Amauza ana kuti Napoleon, mfumu yankhondo ya ku France, atalowa m'dziko la Russia, chimene chinamgonjetsa sichinali chisanu chokha koma anthu eni dziko. Chifukwa cha maphunziro otere amagwidwa ndi apolisi, ndipo sabweranso. Mphunzitsi wolowa m'malo mwake akayamba kuphunzitsa za m'buku, ana amamkana. Asilikari amaombera, ndipo ana amafa pa bwalo la sukulu. Pobwezera, anzao amamgwira Sabela namtentha ndi moto, Sarafina ali pomwepo. Kenaka anawo amamangidwa ndi kuzunzidwa koopsa.

Atatuluka m'ndende, Sarafina amataya mfuti imene mphunzitsi wake anaibisa, napita kwa mai wake kukavomera kuti ngwazi yeniyeni inali maiyo, amene anagwada pansi zaka zonse kuti ana adye ndi kuphunzira. Pamenepa ndi pamene pagona mtima wa kanemayu. Iye sabisa kuti nkhanza za Boma zinaphunzitsa ana nkhanza, ndipo sanena kuti kutentha munthu kunali kwabwino.

Ena mwa olemba za makanema kunja anadandaula kuti kuvina ndi kuzunzidwa siziyenera kukhala m'kanema mmodzi. Ife kuno funso limenelo silitivuta. Pa maliro timachezera kuimba usiku wonse, ndipo amai akakhala ndi chodandaula amachiimba pa mtondo. Pemphero la Ambuye limene ana amaimba pa mzere m'mawa, ndi nyimbo ya pa manda yolonjeza kuti ufulu uli pafupi, zonse zimachokera m'chizolowezi chomwecho.

Chaka cha 1992 mu Blantyre

Kanemayu anaonetsedwa koyamba pa chionetsero chachikulu cha makanema ku Cannes m'dziko la France, chimene chinatsegulidwa pa 7 May 1992. Tsono tiyeni tione zimene zinali kuchitika kwathu kuno m'masiku omwewo.

Malawi ndi South Africa anali odziwana kuyambira kale. Amuna a kuno ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo pofika 1973 Amalawi a m'migodimo anaposa 100,000. Mu April 1974 ndege inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74 obwerera kwao, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Boma la Malawi linali litatsegula ubale ndi Boma la Pretoria mu 1967, pamene maiko ena a mu Africa ankalikana, ndipo Dr Banda anakachezako mu 1971. Kuno kwathu chipani chinali chimodzi, ndipo kuyambira 1968 buku, nyimbo, sewero ndi kanema aliyense ankayamba wadzera ku bungwe la Boma loona zoyenera kuonetsedwa.

Pa 8 March 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya mabishopu, yonena poyera za umphawi, za kuchepa kwa sukulu, ndi za anthu omangidwa popanda mlandu. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba ndi a ku Polytechnic mu Blantyre anayenda mumseu kugwirizana nao. Pa 6 April Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atangotsika. Kuchiyambi kwa May antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead, pafupi ndi Ndirande, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Pa 6 ndi 7 May antchito ena ndi achinyamata a m'malokeshoni anadzaza miseu ya Blantyre ndi Limbe, masitolo anathyoledwa, ndipo apolisi anaombera. Anthu osachepera 38 anafa. Motero sabata limene alendo a ku Cannes ankasonkhana kudzaona ana a ku Soweto akuthawa zipolopolo pa nsalu, mabanja a mu Blantyre anali kufunafuna abale ao kuchipatala ndi kunyumba ya chisoni.

Pa 14 June 1993 Amalawi oposa 63 mwa 100 alionse anasankha zipani zambiri. Pa 27 April 1994 South Africa anachita chisankho chake choyamba cha mitundu yonse, ndipo pa 17 May chaka chomwecho Malawi anachita chake. Maiko awiriwa anasintha Boma m'mwezi umodzi.

Momwe Sarafina Anafikira m'Malokeshoni

Masiku amenewo kuno kunalibe wailesi ya kanema; inayamba mu 1999. Nyumba zazikulu za kanema, monga ya Apollo mu Blantyre, zinali m'tauni, ndipo mtengo wake sunali wa munthu aliyense. Chimene chinafikitsa makanema kwa anthu wamba chinali vidiyo. Munthu ankapeza chipinda pafupi ndi msika, naikamo mabenchi, bokosi la kanema ndi makina a matepi. Panja ankapachika chimkuzamau ndi bolodi lolembapo ndi choko maina a makanema ndi nthawi zake. Wolowa ankalipira matambala ochepa. Ambiri mwa makanemawo anali a nkhonya ndi a nkhondo, ochokera ku Hong Kong ndi ku Amereka. M'zaka zotsatira 1992, tepi ya Sarafina inalowa m'zipinda zoterezi ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe ndi kwina, ndipo inaonedwa mobwerezabwereza.

Tikhoza kutchula zifukwa zitatu zimene anthu anamkondera kanemayu. Choyamba, anadziona okha. Ana a yunifolomu oima pa mzere, mai wogwira ntchito kumayadi, mseu wa fumbi, maliro odzaza anthu: zonsezi zinali za tsiku ndi tsiku, ndipo kanali kosowa kuona mtsikana wakuda wa m'lokeshoni ali mwini nkhani. Chachiwiri, nyimbo zake sizinali zachilendo. Matchona obwera ku Joni ndi ku Salisbury anali atabweretsa kale maimbidwe a kumeneko, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela m'miseu ya Blantyre m'zaka za 1960. Chachitatu ndi nthawi imene anafikira. Anthu anali atangomva kulira kwa mfuti m'miseu yao, ndipo anali kuphunzira kulankhula mokweza zimene kale ankanong'onezana.

Komabe tisasakanize mbiri ziwirizi ngati kuti ndi imodzi. Ana a ku Soweto ankalimbana ndi Boma la azungu limene linawasala chifukwa cha khungu. Amalawi a mu 1992 ankadandaula ndi Boma lao lomwe, la dziko limene linalandira ufulu mu 1964. Ngakhale pa nkhani ya chinenero mbiri yathu ili ndi mbali ziwiri. Mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko, ndipo ambiri a ife tinapindula pophunzira m'chinenero cha kwathu. Koma chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo abale athu a kumpoto anamva kuwawa. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Wakuonera Sarafina ndi maso otseguka amaphunzira kufunsa kuti chinenero cha m'kalasi wasankha ndani, ndipo eni ana anafunsidwa kapena iai.

Zimene Zatsala

Mu 1991 bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa linakhazikitsa 16 June kukhala Tsiku la Mwana wa mu Africa, ndipo sukulu zathu zimalikumbukira chaka ndi chaka. Ku Soweto, nyumba yosungira mbiri yotchedwa dzina la Hector Pieterson inatsegulidwa mu 2002. Kanema wa Sarafina anakonzedwanso naonetsedwa kachiwiri ku Cannes mu 2023, pakati pa makanema akale olemekezeka. Miriam Makeba anamwalira mu 2008, Hugh Masekela mu 2018, ndipo Mbongeni Ngema anafa pa ngozi ya galimoto pa 27 December 2023.

Kuno kwathu, Boma latsopano linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale mu 1994, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ife aphunzitsi tikudziwa kuti makalasi anadzaza kufikira pansi pa mitengo, ndi kuti nkhani ya maphunziro abwino siinathe.

Aluso nafenso tinali nao ndipo tili nao. Du Chisiza Jr anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, nachita masewero olasa mpaka imfa yake mu 1999. Gulu la Kwathu lakhala likuchita masewero m'Chichewa zaka zambiri. Lucius Banda anaimba Mabala pokumbutsa zowawa za nthawi ya chipani chimodzi, ndipo Shemu Joyah wajambula makanema amene alandira mphotho kunja. Koma taonani chinthu ichi. Mwana wa ku Machinjiri akhoza kukuuzani za Sarafina, ndipo wophunzira akhoza kutchula Hector Pieterson. Koma ndi ochepa amene angatchule dzina la munthu mmodzi yekha mwa aja anafa mu Blantyre pa 6 ndi 7 May 1992. Ana a ku Soweto akukumbukiridwa chifukwa wina anajambula, wina analemba maina, wina anapeka nyimbo.

Anthu amene anaona za mu 1992 akalipo pakati pathu, ndipo ena amene anaona za mu March 1959, kapena amene anakwera ndege za Wenela, akali moyo ngakhale akalamba. Inu amene mwaphunzira kulemba, ntchito yoyamba ili m'manja mwanu. Tengani kope ndi pensulo, khalani pansi ndi munthu wotere, ndipo mumfunse zinthu zinai: linali tsiku lanji, anali pati, anaona chiani, ndipo amene anavulala kapena kufa dzina lake anali yani. Lembani monga momwe wanenera, osaonjezera. Mukatha muwerengereni kuti akonze pamene mwaphonya, ndipo kopelo mulisunge pouma. Wopeka nyimbo kapena wolemba sewero akadzabwera, adzapeza poyambira.